Pusi ndi Nsupa ya Nungu

Padangokhala, kudambo la Chimbalanga, nyama zinkapikisana pomenya dzaye ndi chibonga. Pusi anali katswiri, ndipo anapambana zaka zitatu zotsatizana. Chinkamuwawa n'chimodzi: dzaye la malemu Nyani linakagwera pachulu, ndipo panalibe amene anapitirirapo.

Chaka china Pusi anazembera kwa sing'anga Nungu kukapempha mankhwala a mphamvu. Pa tsiku la mpikisano anangoti pha! Dzaye linadutsa chulu, linawoloka mtsinje n'kukagwa kutsidya. Nthungululu zinamveka dambo lonse.

Pusi anathamanga mokondwa kukapatsa moni Fulu, woweruza masewerawo. Anangomugwedeza dzanja pang'ono, koma Fulu anauluka ngati khwangwala n'kukakodwa m'nthambi za mkuyu.

Nungu anaiwala kuti ali pagulu. "Kalanga ine, a Pusi! Ndinati munyambite kamodzi kokha, inu mwamaliza nsupa yonse?"

Nyama zonse zinafa ndi phwete.

Atamutsitsa, Fulu anadzisasa masamba nati, "Yamenya dzayeli ndi nsupa. Mphotho mukaipatse nsupayo."

"Nanga zaka zitatu zija?" anadandaula Pusi. "Ndinkamenya ndi mphamvu zangazanga!"

"Mwina n'zoona, achimwene," anayankha Fulu, "koma tidziwa bwanji?"

Mpaka lero ana a nyama akamaimba za akatswiri, dzina la Nyani amalitchula mokweza. Akafika pa Pusi amangoti, "Akuti ankamenya," n'kutsinzinirana diso. Pusi akamva, amakwera pamwamba pa mtengo n'kumanamizira kufuna nsabwe.