Malikisi a Teremu Yachitatu

Nthawi inali 10 koloko m'mawa, ndipo zotsatira za mayeso zinkayenera kutuluka pa webusayiti ya koleji 12 koloko masana. Mtsikana woyang'anira makompyuta, yemwe anzake pantchito anamupatsa dzina loti Mawaya, anadina batani kachitatu. Mayina onse 1,200 a ophunzira anabwera bwinobwino. Koma m'mizere ya malikisi a teremu yachitatu munali mbee.

Kachipinda ka seva, kompyuta yaikulu yosunga zonse za kolejiyo, kanali kozizira ngati firiji, koma iye thukuta linali kamukamu.

Pulogalamu yosungira malikisiyo anaibweretsa pakolejipo ndi iyeyo, kumayambiriro kwa teremu yomweyo. Inali yaulere, yolembedwa ndi anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana, moti aliyense akanatha kuiona m'kati ndi kuikonza. Abwana, mkulu wa kolejiyo, anavomera monyinyirika. Ankati vuto la zinthu zaulere n'lakuti zikafa palibe woti n'kumuimbira foni. Mawaya anawalonjeza kuti womuimbirayo ndi iye, ndipo ngati chinachake chidzasowe adzamuchotse ntchito.

Anali munthu wosamala. Pa sevayo anaikapo nkhokwe ziwiri zosungiramo zinthu: yeniyeni, yokhala ndi mzere wofiira pamwamba, ndi yoyeserera ya mzere wobiriwira, imene ankaphunzitsirapo anthu. M'mawa umenewo seva inadandaula kuti malo atha, choncho anafufuta zonse za mu yoyesererayo. Asanadine anayang'ana katatu kuti mzerewo ndi wobiriwira. Yeniyeniyo sanaikhudze.

Nanga malikisi anapita kuti?

Seva inkakopera nkhokwe yeniyeni yokhayo tsiku lililonse n'kusunga padera. Anatsegula kope la dzulo, munalibe. La sabata yatha, munalibe. La mwezi watha, chimodzimodzi. Mapepala a mayeso anali atabwezedwa kale kwa eni ake, ndipo mafomu amene aphunzitsi analembapo malikisi anadulidwadulidwa m'makina Lachisanu, potsatira lamulo latsopano lochepetsa mapepala limene analemba Mawaya mwini.

Kukhonde ophunzira anali atayamba kusonkhana, aliyense foni m'manja. Wina anagogoda pazenera n'kufunsa ngati mawaya akodwa, anzake n'kuseka.

Anayamba kuganiza za akuba a pa intaneti. Anatsegula kaundula wa nkhokwe yeniyeniyo, momwe mumalembedwa aliyense wolowa ndi zimene wachita. Anawerenga mzere ndi mzere. Palibe mlendo amene analowa. Palibe amene anafufuta kanthu. Kenaka anaona chinthu chimene chinamuimitsa pampando: chiyambireni teremu, palibe kalaliki ndi mmodzi yemwe amene analowapo mu nkhokweyo.

Mtima unakhala pansi, kenaka unatentha. Malikisi sanasowe ayi. Sanalowetsedwe n'komwe.

Anadziwanso mwini nkhaniyo. Mkulu wa makalaliki, bambo wa zaka 26 pantchito, ankatchedwa aBolopeni chifukwa cha zolembera zitatu zimene sizinkachoka m'thumba la malaya awo. Tsiku lophunzira pulogalamuyo anakhala kumbuyo, manja atapinda, n'kunena kuti buku silinawazimirepo magetsi chibadwire. Tsono apa anali atapeza njira yomugwetsera.

Abwana analowa 11 koloko itadutsa, osagogoda. Anafuna kudziwa chifukwa chimene makolo akuwaimbira kale foni. Mawaya anawaonetsa kaundulayo, n'kufotokoza modekha kuti makina sanama: ofesi ya makalaliki yakhala miyezi itatu osalowetsa ngakhale nambala imodzi, chonsecho Lachisanu anasayina kuti ntchito yatha.

“Ukutsimikiza zimenezi?” anafunsa abwana. “Chifukwa munthu amene ukumunenayu ndimuchotsa lero lomwe, ndipo kwatsala chaka chimodzi kuti apume pantchito.”

“Ndikutsimikiza, bwana.”

Abwana anawaitanitsa pafoni. ABolopeni anafika akupuma mofulumira chifukwa cha masitepe, n'kuima pakhomo ngati munthu woopa kudetsa chipindacho. Abwana sanawapatse mpando. Anawauza mlandu wonse, mawu akukwera, mpaka phokoso la kukhonde linazizira.

ABolopeni anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi tayi. Anati n'zoona makinawo sankawafuna poyamba, koma ntchito ndi ntchito. Iwo ndi anzawo awiri analowetsa malikisi a wophunzira aliyense, wina akuwerenga, wina akulemba, wachitatu akutsimikiza. Masiku ena nkhomaliro ankadyera pa desiki pomwepo.

“Mwana wanga,” anatero, “zala izi zinazolowera bolopeni, koma chifukwa cha iwe zaphunzira batani lililonse. Ungandinene kuti ndine wochedwa, koma wabodza ayi.”

Mawaya anangowatembenuzira kompyuta, n'kuwauza kuti ngati zili choncho iwo eni awaonetse abwana malikisiwo. Kunali kutatsala mphindi khumi kuti 12 koloko ikwane.

ABolopeni anavala magalasi, n'kuwerama. Dzanja lawo linapita pa mabatani, koma ataona pamwamba pa sikirini analibweza msanga ngati akhudza mbaula.

“Iyi ndiye si yathu,” anatero, nkhope ikumasuka. “Unatiuza wekha tsiku lija kuti yofiira si yoseweretsa, tisamaigwiregwire. Ife timalemba mu yobiriwira. Tsegula imeneyo abwana aone, onse alimo.”