Fupa lomwe linapsa popanda moto

Panali munthu wina ku Area 47, a Levison, amene anapuma ntchito ku Capital Hill bondo litawatheratu. Dokotala wa mafupa anawauza kuti adzawaika bondo lachitsulo, koma adikire mpaka chaka chamawa. Iwo sanafune kumva. Mwana wawo Fiona ankakwatiwa mu Disembala, ndipo anali atalonjeza kuti adzamuperekeza kuguwa akuyenda ndi miyendo yawo.

Tsiku lina ku Old Town, mkulu wina wovala tayi anawaona akutsimphina. Anawauza za kachipatala kena komwe amachita opaleshoni mwachangu, popanda kudikira pamzere. Akazi awo anawachonderera kuti afunse kaye dokotala wawo uja.

"Amake Fiona, mukufuna ndikakhale pansi ngati mlendo paukwati wa mwana wanga?" anatero, napita.

Opaleshoni inathadi msanga, ndipo poyamba ankayenda bwino. Koma ukwati utayandikira, bondo linayamba kupweteka ndi kugwedera. Anabwerera kwa dokotala woyamba uja. Atawajambula, anawaonetsa mpata pakati pa fupa ndi chitsulo.

"Bambo, fupa lanu linapsa."

A Levison anaseka, ati sanayandikirepo moto. Dokotalayo anafotokoza kuti fupa ndi lamoyo, m'kati mwake mumayenda magazi m'timitsempha tosaoneka ndi maso. Sowo yodulira fupa ikakhala yobuntha, kapena wodulayo akaikankha mwaphuma osathirapo madzi oziziritsa, imatentha ngati mmene sowo ya kalipentala imadetsera thabwa. Thabwa limangoda basi. Koma fupa limafa, ndipo fupa lakufa siligwira chitsulo. Anati pafunika opaleshoni ina yaikulu, ukwati ukadutsa.

A Levison anasisita bondo lawo. Kenaka anati, "Zaka zonsezi ndimaliyesa mtengo wouma. Kani linali ndi moyo, ndipo lapsa ine ndili m'tulo."

Tsiku laukwati, anthu m'tchalitchi anaimirira. Fiona analowa ndi velo yake, akukankha bambo ake pa njinga ya olumala mpaka kuguwa. Woperekezedwa uja ndiye anaperekeza.

Phunziro: Thupi lathu linapangidwa modabwitsa, ngakhale fupa limapsa. Ine chimvereni nkhaniyi, ndikagwira bondo la mwana wanga ndimaligwira mwaulemu. Dokotala akati dikirani, dikirani. Musapereke thupi lanu kwa munthu amene chomwe akulonjeza ndi changu chokha. Tumizani nkhaniyi kwa abale, makamaka amene makolo awo akudandaula maondo.