Nsanza Yonyowa pa Koyilo

Pikapu inayamba kutsokomola titangodutsa pa Golomoti, kenako inazima. Kumbuyo, ayezi amene ndinathira pa chambo changa anali akudontha kale pa phula.

Galimotoyi imayenda bwino m'mawa, koma ikatentha imafooka ngati munthu wa malungo. Ndinaifufuza milungu itatu, kuyambira mapulagi mpaka kabureta. Potsiriza ndinagula koyilo yatsopano n'kuwapatsa achimwene a Laisoni, omwe amaiyendetsa, kuti aike.

"Dikirani izizire, achemwali," anatero. "Digiri yanuyo sidziwa dzuwa la kuno."

Ndinatsegula boneti. Koyilo inali itakulungidwa ndi nsanza yonyowa, yomangidwa bwino ndi mphira.

"Musachotse imeneyo."

Ndinachotsa. Pansi pake panali kadontho kofiira ka kyutekisi wopaka m'zikhadabo, komwe ndinapaka ndekha pa koyilo yakale kuti ndisaisokoneze ndi yatsopano.

"Nanga yatsopano ija ili kuti, achimwene?"

Anangoyang'ana nsapato zawo.

Nthawi yomweyo pikapu ya apongozi awo, yomwe sabata yatha anthu ankachita kuikankha, inatidutsa itadzaza matumba a mpunga, ikukwera mtunda osatsokomola n'kamodzi komwe. Mkuluyo analiza hutala n'kutikwezera dzanja.

Achimwene anayamba kukweza lawo, koma ataona kuti ndikuwayang'ana, analipititsa kumutu n'kuyamba kukanda.