Tepi ya Atelala

Atelala anagwada pa kapinga wa m'paki, tepi yoyezera zovala ili m'manja. Anthu a m'deralo anawasankha kuti aziyang'anira ntchito yomanga holo, ndipo diso lawo linaona kuti zikhomo za malire a holoyo zalowa m'bwalo losewerera ana.

"Bambo, ndi katepi ka masiketi kameneko?" anaseka kapitawo wa omanga.

"Gwirani uku, achimwene."

Anayeza kuchokera pampanda monga mapulani ankanenera, kapitawo akukwawa pambuyo, mayi wina wogulitsa maluwa pafupipo akuwerenga manambala mokweza. Mamita atatu anali atadyedwa.

Kapitawo anakanda m'mutu, nazula yekha chikhomo. "Munthu amalakwitsa, bambo."

"Zoona," anatero atelala, akukulunga tepi kuchala. "Koma thalauza likafupika ndimamasula mpendero. Paki ilibe mpendero."