Masiku Makumi Anayi a Dzanja la Eneresi

Chikwakwa chitadula mtsempha womvera kukhudza wa m'dzanja la Eneresi, mayi woumba mbiya, lamulo la masiku makumi anayi linalowa m'nyumba mwake. Wovulala mtsempha sankaloledwa kumwa mankhwala opha ululu ngakhale ophwetsa chotupa, ndipo kachibangili komwe anamuveka kuchipatala kankalira akangomwa.

"Timaselo tofungatira mtsempha taitana asilikali a m'thupi kuti adzasese zowola," anatero namwino. "Kutupaku ndi iwowo. Mukawathamangitsa msanga, mtsempha usowa njira yomerera."

Mwamuna wake, Dafuleni, anaphunzira kumumanga mpango ndi kumudulira zikhadabo. Anasokanso kapilo ka madeya kotsamiritsa dzanjalo, poti ngakhale nsalu ikalikhudza linkatentha ngati moto.

Pa tsiku la khumi ndi chisanu ndi chinayi, Dafuleni anabwera kumsika atabisa mapiritsi awiri m'chipewa.

"Amake Tadala, imwani. Kachibangiliko ndikamata ndi dongo, sikamveka."

Eneresi anayang'ana mapiritsiwo nthawi yaitali, thukuta lili kamukamu.

"Ululuwu ndikuumva ndithu, bambo. Koma chimene ndikuopa n'kudzaleka kumva chilichonse."

Dafuleni anakataya mapiritsiwo m'chimbudzi, ndipo anachedwa kubwerako.

Mvula inagwa n'kutha. Zala ziwiri sizinadzukenso. Koma m'mawa wina akutong'ola chimanga pakhonde, Eneresi anangosiya kutong'olako mwadzidzidzi, maso ali kumunda. Nyerere inkayenda pachala chachikulu cha dzanja lovulalalo, ndipo Dafuleni anatambasula dzanja kuti aichotse.

"Isiyeni," ananong'ona Eneresi. "Ndikuimva."