Lichero Losapetapo

Bothwell analowa m'shopu ya Mmwenye ku Tottenham foni idakali m'manja, mano onse pamtunda. Mkazi wake Shamiso anali m'chipatala ku Edmonton, mimba yoyamba itayamba kuwawa m'mawa. Iyeyo apongozi ake aakazi anam'bweza pakhomo la wodi: zachizungu zoti mwamuna azigwira mkazi dzanja pochira, iwo ayi. Tsopano apongoziwo anali atangomuimbira foni, mawu ochepa monga mwa masiku onse: "Bambo, tipezereni lichero. Latsopano, losapetapo."

Lichero mu London! Munthu wokulira pa famu ya fodya ku Zimbabwe, za kwa makolo ku Malawi ankangozidziwa pamwambamwamba, koma apa sipanafunike sukulu. Lichero n'la mpunga, ndipo mpunga saphika popanda nkhani. Mwana wabadwa basi, nkhalamba ikungofuna mkamwini ayambe watuluka thukuta.

Mwini shopu anatsitsa limodzi pakhoma, la nsungwi, lotseguka mbali imodzi ngati fosholo.

"Amaluka ndi anthu a mtundu wa Gadaba, kumapiri a kwathu ku India," anatero m'Chingerezi. "Kwathuko khanda likabadwa timaligoneka pamenepa."

"Mwamva?" Bothwell anatembenukira Mayi Justina, a ku Chipata, omwe ankapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Iwo ankasankha therere. "Ngakhale Amwenye adziwa kuti lero ndine bambo wa munthu. Kuyambira Sande lino muzindisungira mpando wakutsogolo."

Anapeta mphepo kawiri katatu akugwedeza chiuno. Kenako analiyeza pamkono. Mwana akwanamo, pokhapokha atatengera mutu wa agogo ake.

Mayi Justina sanaseke.

"Wakutumani ndani?"

"Apongozi. Aja a ku Mchinji, oyandikana nanu."

"Anati chiyani? Nenani mmene ananenera."

Ananena, mpaka kutsanzira mawu a nkhalambayo, m'mphuno momwe.

"Nanga kulira kwa mwana munakumva pa fonipo?"

"Ana a kuno salira, mayi. Alirirenji, akubadwira ku Ulaya?"

Mayiwo anabweza therere lonse m'bokosi. Anam'landa lichero lija ndi manja awiri, nalivundikira pachifuwa.

"Ndipita nalo ndine. Inu kakhaleni kunyumba, ndiuza abusa akupezeni komweko."

"Abusa? Pa mpunga?"

"Mwananga," anatero motsitsa mawu, "kwathu ndi kwa apongozi anu n'kumodzi. Lichero losapetapo timanyamulira mwana wobadwa atapita kale, ndipo maliro ake ndi a akazi okhaokha. Akuuzani kale. Mwamuna sauzidwa zoposa pamenepo."