Ng'ombe ya Oswald Sinatsamwe

Panali bambo wina ku Bundabunda, dzina lake Oswald, mlimi wa ng'ombe wosamva za munthu. Tsiku lina ng'ombe yake yolimira inayamba kutuluka dovu, osadya, osamwa, kumangolira mosasa mawu. Oswald anati yatsamwa ndi njere ya mango, monga zimachitira nyengo ya mango. Anaitana mkazi wake Norah kuti aigwire kukamwa, iye n'kupisa dzanja mpaka m'chigongono. Njere sanaipeze. Mano a ng'ombeyo anamukanda Oswald pamkono, ndipo dovu linalowanso pabala la mpeni limene Norah anali nalo pachala.

Ng'ombe itafa, dokotala wa ziweto wochokera ku Chongwe anati chimenecho ndi chiwewe, mwina inalumidwa ndi galu wopenga kubusa. Anawauza kuti apite kuchipatala tsiku lomwelo akayambe jakisoni. Oswald anaseka, nati chiwewe ndi cha agalu, iye anabadwira m'khola. Analetsanso mkazi wake, poopa kuti anthu akamva ayamba kusala ng'ombe zake zonse.

Norah anamanga chitenje, nayankha mwamuna wake pomutchula dzina la mwana wawo Mapalo.

"Bashi Mapalo, ng'ombe ni zanu, koma thupi ni langa. Niyenda."

"Ukayenda usabwele pano," anatero Oswald.

Anapita, ndipo anabwerera pakhomo pomwepo. Jakisoni aliyense ankakabayitsa masana, akudutsa pakati pa mudzi, mwamuna wake akumunyoza. Anamuchonderera mpaka kumugwadira kuti apitire limodzi, koma bamboyo anauma mutu.

Patapita milungu, Oswald anayamba kumva kuyabwa pamkono paja, kenako mutu ndi kutentha thupi. Akaona madzi m'kapu ankanjenjemera ndi kukuwa. Kuchipatala anati matendawa akafika ku ubongo palibenso mankhwala. Anamwalira imfa yowawa, ndipo ine zimandipsetsa mtima chifukwa inali yopeweka.

Pamaliro achibale a mwamuna anayamba zawo zija, akuti anthu awiri anagwira ng'ombe imodzi, wafa mmodzi bwanji? Mkaziyu ndiye wamulodza. Norah sanawerame. Anaimirira pamaso pa alamu ake.

"Mankhwala yanga munayaona monse, nenze kupita pakhomo panu poyenda ku chipatala. Munaniseka. Nindani pali imwe anauzako m'bale wanu kuti anikonkhe ku chipatala?"



Phunziro: Ng'ombe, mbuzi kapena galu akamatuluka dovu, musapise dzanja m'kamwa mwake. Mukalumidwa kapena kukandidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale wokuletsani akhale mwamuna wanu. Tumizirani uthengawu aliyense woweta ziweto amene mukumudziwa.